Botolo la Chaka cha Matalala

Linaima njo masiku atatu pashelefu ya m'khitchini,
botolo lomwe linagona chammbali zaka makumi atatu ndi zinayi
m'chipinda chapansi, kwathu ku Serralunga.
Bambo anati lisagwedezeke.
Ngakhale mphaka tinamutsekera kunja.

Pepala lake linadyedwa kalekale ndi chinyontho.
Chinatsala n'chizindikiro cha choko, mtanda wopendekeka,
dzanja la malemu amayi.
Chaka cha matalala, anatero bambo,
pomwe munda wonse unangotipatsa mgolo umodzi.

Mawa lake kunkabwera anthu a ku Milano kudzatenga makiyi.
Usikuwo nkhungu inakwera kuchokera ku mtsinje wa Tanaro,
inameza mizere ya mpesa, inameza nsanja ya tchalitchi,
ndi galimoto ya Fulvio, imene sinkafika.

Ntchito imeneyi inali yawo.
Koma manja awo masiku ano amavina okha,
supu amafika pakamwa theka,
ndiye anandikankhira chotsegulira osandiyang'ana.
Ottavia, pang'onopang'ono.
Si khosi la nkhuku ukupotokolalo.

Chitsekerero chinaduka pakati.
Chotsalira m'khosi chinali chofewa ngati buledi wonyowa,
ndinachitola nyenyeswa imodziimodzi ndi nsonga ya mpeni,
bambo akupumira m'khutu mwanga.

Kandulo pansi pa khosi la botolo.
Mtsuko wagalasi kudzanja lamanzere, wopendeketsa.
Vinyo anatsika mwakachetechete, kamtsinje kopyapyala,
osati psuu monga ndinkayembekezera
koma mtundu wa njerwa yakale, m'mbali mwake dzimbiri.
Diso langa lili pa lawi lowala kudutsa m'galasi.
Kenaka kamtambo kakuda kanayamba kukwawa
kuchokera paphewa pa botolo.
Basi!
Sindikudziwa anakuwa ndani, ine kapena iwo.
Nsenga zinatsalira pansi, zala ziwiri.

Ndinanunkhiza.
Fungo la kabati yotsekedwa,
la jekete la munthu amene tinaika kale m'manda.
Ndinangoti kakasi.
Msiye, anatero bambo.
Iwe ukangodzuka kumene umayankhula zomveka?

Tinadikira.
Wotchi. Nkhuni kuthetheka m'mbaula.
Ndinadula tchizi, palibe anatambasula dzanja.

Chidwalire chaka chatha bambo samvanso fungo,
khofi ndi madzi otentha kwa iwo n'chimodzimodzi,
komabe anazunguza tambula, mphuno m'kati, maso otsinzina,
nati, Ndiuze.

Phula la pamsewu mvula itangokata, ndinatero.
China?
Masamba ovunda. Bowa. Lamba wanu wachikopa uja.
China?
Ndinakhala chete nthawi yaitali.
Duwa louma,
longa limapezeka litaphwathalala m'buku la mapemphero.
Ehe, anatero.
Limenelo limachedwa nthawi zonse, ngati mayi ako.

Palilime anali wopepuka, wowawasa pang'ono,
kenaka anagwira nkhama
monga dzanja la wokalamba
lomwe umaliyesa latha mphamvu
mpaka litakufinya.

Anakhala nafe mphindi makumi anayi, mwina kuposerako.
Sitinakambe za mtengo umene tinagulitsira munda,
sitinakambe za kanyumba ka ku Alba
kamene zenera lake limayang'ana khoma.
Tinangomwa, timadontho, ngati mankhwala.
Kenaka duwa lija linanyamuka, chikopa chinatsatira,
kunatsala kuwawasa kokhakokha.

Fulvio anafika naini koloko itadutsa, nsapato zili matope,
akutukwana nkhungu.
Anagugudiza tambula yonse chiimire,
napukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja,
nati, Koma ndiye wabwino!
Palibe anamutsutsa.

Bambo anapendeketsa botolo pambale yoyera.
Nsenga zinatuluka mwaulesi, zakuda bii,
ngati dothi la kumapeto kwa mzere mvula itagwa.
Anaviikamo chala chonjenjemera, nanyambita,
timchenga tikulira m'mano mwawo.
Izi zokha ndiye ndikuzimva, anatero,
kenaka anandifunsa ngati kiyi wa chipinda chapansi
ndamuika pamodzi ndi enawo.